Ndinapha Agogo Chifukwa cha Desiki

Agogo anga aamuna ali moyo. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa kutchalitchi kwathu alipo anthu amene akandiona amapukusabe mutu. Ali ku Dedza, akudya bwino, ndipo sabata yathayi amadandaula kuti nsapato zimene tinawatumizira zikuwathina. Koma kwa masabata atatu, pansanjika yachinayi ya ofesi ina ku Rockville, kuno kutsidya kwa nyanja kumene timakhala, agogo anali malemu. Ndinawapha ndine, ndi pakamwa pangapa. Amene akuwerenga poyembekezera kuti m'munsimu ndilapa, angosiyira pomwepa.

Nkhani yake ndi ya achemwali anga, amene amandiposa ndi zaka khumi ndi chimodzi. Iwo ali ndi otizimu, chibadwa chimene chimachititsa ubongo kumva zinthu mosiyana ndi anthu ena. Dokotala anawapeza nawo atamaliza kale koleji, koma ife pakhomo tinkadziwa kuyambira kalekale kuti makutu awo sasankha. Ine ndikakhala m'chipinda cha anthu khumi, ndimamva yekhayo amene ndikufuna kumumva. Iwo amamva onse khumi, kuphatikizapo firiji, babu limene likulira kudenga, ndi munthu amene akukukuta mtedza kuseri kwa khoma, zonse mphamvu yofanana. Ukawagwira paphewa asakuyembekezera, amadzidzimuka ngati wawathira madzi otentha. Komanso sanama. Si nkhani ya Baibulo ayi, bodza limangowakanika basi. Ukawafunsa ngati diresi yakukhala, uyambe walimba mtima.

Ntchito yawo ndi yofufuza manambala a kampani ina yoyesa mankhwala, kupeza pamene wina walemba molakwika. Kwa zaka zinayi ankagwirira m'chipinda chapansi cha nyumba yathu ku Bowie. Kanyale kachikasu, katani yotseka, tiyi nthawi ya teni, ndipo mabwana awo ankawayamikira mpaka kutopetsa. Kenaka kunabwera uthenga wakuti aliyense abwerere ku ofesi, masiku asanu pasabata, palibe zokambirana. Choipitsitsa n'chakuti madesiki kumeneko analibenso eni ake. Wafika msanga ndiye wakhala, madzulo uchotsepo zako zonse, mawa muyambirenso kulimbirana.

Pansanjika yonseyo panali desiki imodzi yokha imene achemwali akanatha kupumirapo: ya pakona, khoma kumbuyo, windo kumanzere, kutali ndi kakhitchini. Anayamba kunyamuka kusanache kuti akaipeze. Koma kunali bambo wina amene ankabwera panjinga, atavala zothina ngati soseji, ndipo nayenso ankaikonda desikiyo chifukwa pawindopo ankayanikapo masokosi ake. Tsiku limene bamboyu wayambirira kufika, achemwali ankakhala pakati penipeni, pansi pa magetsi oyera aja, anthu akudutsa kumbuyo kwawo tsiku lonse.

Masiku amenewo ndinkawadziwa popanda kufunsa. Galimoto inkaima panja koma chitseko osatseguka. Ndikasuzumira pawindo ndinkawaona ali ndwii, manja onse pachiwongolero, mwina theka la ola. Akalowa, osadya, osalankhula, molunjika kuchipinda chapansi, magetsi ozima.

Njira inalipo. Ukhoza kulemba fomu yowauza akuluakulu a kuntchito vuto lako, n'kuphatikizapo kalata ya dokotala, iwo n'kukukonzera pokhala. Koma amayi anakana. Amayi anga si munthu woipa. Amasamalira okalamba m'nyumba za eni, ndipo aonapo anzawo ambiri akuchotsedwa ntchito chifukwa cha zinthu zazing'ono.

"Ukangolemba mawu amenewo papepala, safufutikanso," anatero. "Tsiku lofuna kuchepetsa anthu adzayambira iwe. Komanso anti ako a ku Chipata aja amagwira pansanjika yomweyo. Ukanena Lachitatu, pofika Lamulungu mpingo wonse wadziwa. Undilonjeze kuti sunena."

Achemwali analonjeza. Ndipo kwa iwo lonjezo ndi msomali, ukalowa walowa.

Ine ndinadziwa kuti zinthu zafika poipa tsiku lina ndikugwiritsa ntchito makina awo osindikizira. Ndinkasindikiza chikalata chonamizira cha kusukulu, chonena kuti chimbudzi cha aphunzitsi chatsekedwa mpaka chaka chamawa. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo inayenda bwino kwambiri. Pamakinapo ndinapeza pepala limene achemwali anaiwala kuchotsa. Inali kalata yosiya ntchito, mizere inayi yokha, deti lake tsiku lomaliza la mweziwo. Anthu amene ankawayamikira zaka zinayi aja anali atatsala pang'ono kuwataya chifukwa cha masokosi a munthu.

Lolemba lotsatira kusukulu kunalibe makalasi, aphunzitsi anali ndi msonkhano wawo. Ndinauza achemwali kuti tapatsidwa ntchito yokaona mmene akuluakulu amagwirira ntchito. Linali bodza, koma iwo anayang'ana malamulo a kampani, n'kupeza kuti mlendo amaloledwa tsiku limodzi, basi nkhani yatha. Tisananyamuke ndinalowa kuchipinda kwa amayi n'kusolola chitenje chimodzi m'dirowa. Chinali chakale, chobiriwira, chojambulidwa maambulera achikasu ponseponse. Amayi ankachiyala pansi akamasenda mbatata.

Poyamba maganizo anga anali osavuta. Kutchalitchi kwathu mayi akafuna kusungira mnzake malo, amangoyala chitenje pampando, ndipo ngakhale abusa sangayerekeze kuchisuntha. Ndinati tiyese zomwezo.

Tsiku limenelo tinafika ndife oyamba. Achemwali anakhala pakona pawo, ine pambali. Pofika naini ndinali nditamvetsa zonse. Mafoni, kuseka, makina a khofi kulira ngati galimoto yokana kulira, wina kutenthetsa nsomba m'mawamawa. Ine amene ndimakonda phokoso mutu unayamba kundizungulira. Nthawi ya teni achemwali anapita kumsonkhano. Ndinatulutsa chitenje chija n'kuchiyala bwinobwino pampando wawo, maambulera onse akuyang'ana kumwamba.

Pasanathe mphindi zisanu, bambo wanjinga uja anatulukira, chipewa chake cholimba chili m'khwapa. Ndinamuzindikira ndi zothina zija. Anayang'ana desikiyo monga munthu amayang'anira nyama yomaliza m'mbale, kenaka anaona chitenje.

"Nsalu yokongola bwanji!" anatero m'Chingerezi. Anatambasula dzanja kuti aikhudze.

Sindinakonzekere. Ndikunena zoona, ngakhale zoona si zimene ndimadziwika nazo. Ndinangoona dzanja lija likupita, pakamwa panga n'kutseguka pokha.

"Chonde musaikhudze," ndinatero monong'ona, maso pansi. "Agogo athu atisiya."

Dzanja linabwerera msangamsanga.

"Kwathu mkulu wa banja akamwalira," ndinapitiriza, "timayala nsalu yake pampando wa mdzukulu wamkulu. Pamenepo sipakhalanso munthu wina. Nsaluyo siisunthidwa. Woferedwayo sagwidwa paphewa, salankhulidwa mokweza, ndipo za malirozo simumufunsa ngakhale pang'ono. Mukamufunsa, mwambo wonse umayambiranso."

"Mpaka liti?"

"Chaka."

"Nanga munthu atakhalapo mosadziwa?"

Ndinangopukusa mutu pang'onopang'ono, n'kuyang'ana miyendo yake. Iyenso anaiyang'ana.

"Nanga maambulerawa akutanthauza chiyani?"

"Chitetezo cha makolo," ndinatero. Ndinatsala pang'ono kudziombera m'manja.

Kenaka ndinacheuka. Kumbuyo kwanga kunali anti a ku Chipata aja, kapu ya tiyi m'manja. Iwo ndi mnzawo wa amayi wa kutchalitchi, ndipo chitenje chimenecho anachionapo kambirimbiri chili ndi makoko a mbatata.

"Iwe mwana," anatero m'Chinyanja chawo, osasuntha milomo kwenikweni, "nindani wafa?"

"Palibe, anti."

"Manje ivi nivichani?"

Ndisanayankhe, bambo uja anatembenukira kwa iwo. "Inunso ndinu a kumeneko, eti? Zimakhaladi chaka chathunthu?"

Anti anandiyang'ana. Anayang'ana mpando wa achemwali, n'kuyang'ananso magetsi oyera aja kudenga. Iwo ankawaona achemwali tsiku lililonse akamakhala pakati paja, mapewa atakwera mpaka m'makutu. Anamwa tiyi pang'ono.

"Ku Malawi amafupikitsa," anatero. "Kwathu ku Chipata ni zaka ziwiri."

Achemwali atabwera kumsonkhano anafunsa kuti chitenje cha amayi chikutani pamenepo. Ndinati ndikuwasungira malo ngati kutchalitchi. Zimenezo zinali zoona, choncho anavomera, ngakhale anandiuza kuti osesa adzachichotsa madzulo. Sanachichotse. M'mawa mwake anapeza pampandopo pali chikwangwani cholembedwa m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi, chopempha kuti nsaluyo isasunthidwe. Anachilemba ndi bambo wanjinga yemwe uja, ndipo anachikutira ndi pulasitiki.

Masabata atatu otsatirawo, ofesi ija inasanduka ina. Palibe anakhalanso pakona paja. Anthu akamadutsa pafupi ankatsitsa mawu. Wofuna kulankhula ndi achemwali ankabwera chakutsogolo, n'kudikira kuti amuone. Wina anapempha amagetsi kuti azimitse babu la pamwamba pawo, akuti kuwala kwambiri si kwabwino kwa munthu wachisoni. Bwana wawo, mayi wina wokonda kuombetsa anthu m'manja, anawauza kuti ku masewera a Lachisanu masana asamavutike kubwera. Achemwali ankangodabwa kuti anthu aphunzira liti khalidwe.

Kunyumba galimoto ikaima, chitseko chinkatseguka nthawi yomweyo. Anayambanso kudya nafe. Anayambanso kundiuza kuti mbale ndimaziika molakwika m'makina otsukira, ndipo sindinayambe ndasangalalapo chotero ndi kudzudzulidwa. Koma kalata ija inali idakali m'chikwama mwawo. Ndikudziwa chifukwa ndinkapisamo tsiku lililonse.

Zinaphulika Lachitatu, kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe. Zimene zinachitika ku ofesiko anatifotokozera ndi achemwali eni ake liwu ndi liwu, ndipo anti anadzatichitira ngati sewero pabalaza pathu. Bwana uja analephera kupirira. Anasonkhanitsa anthu onse a pansanjikapo, n'kubwera nawo pakona paja atanyamula maluwa oyera ndi khadi lalikulu losainidwa ndi aliyense.

"Tikudziwa kuti mwambo wanu sulola kuti tifunse," anatero. "Sitikufunsa. Tangoti tikupepeseni chifukwa cha agogo anu."

"Agogo ake ati?" anatero achemwali.

"Amene anamwalira."

"Agogo anga anaimba foni Lamulungu. Akufuna nsapato zakuda, saizi naini."

Anti akuti anathawira kuchimbudzi chifukwa tiyi anawatulukira m'mphuno.

Madzulo amenewo achemwali analowa ndi maluwa aja n'kuwaika patebulo ngati umboni kukhoti. Amayi anali atamva kale pafoni. Anali chiimire, yunifomu ya kuntchito asanavule.

"Bambo anga!" anatero amayi. "Bambo anga enieni, ondibereka, iwe n'kukawaika m'manda ku Rockville? Ukudziwa kuti zoterezi zimaitana imfa? Akadwala mawa uziti bwanji?"

"Sadwala, amayi. Akufuna nsapato."

"Khala chete! Ndi chitenje changa chomwe!"

Za amayi sizinandiwawe, ndinazizolowera. Zinandilasa ndi za achemwali. Sanakweze mawu. Anayang'ana pakhoma, pambali pang'ono pa mutu wanga, monga amachitira akafuna kunena chinthu chachikulu.

"Unandinamiza," anatero. "Komanso unandichititsa kuti ndiname osadziwa. Ndakhala pa bodza masiku khumi ndi awiri ogwira ntchito. Ndawerenga."

Apa munthu wabwino akanagwada. Ine ndinafunsa funso.

"Pa masiku khumi ndi awiriwo, mutu unakuwawani kangati?"

Kunama sakanatha, ndipo ine ndinkadziwa.

"Kamodzi."

"Nanga mwezi wathawu?"

"Tsiku lililonse kupatula anayi."

Ndinatembenukira kwa amayi. "Mwamva? Anthu aja anazimitsa getsi chifukwa cha nkhalamba ya ku Dedza imene sanaionepo, yakufanso. Anasiya kukuwa, anasiya kugwiragwira anthu. Zonse zimene achemwali amafuna anazichita mosavuta, ofesi sinagwe. Ndiye achitire munthu wakufa, wamoyo ayi? Inu mukuti tibise. Chabwino, ine ndinabisa. Ndinabisa ndi maliro. Mumafuna ndibise ndi chiyani?"

"Mwana iwe, pakamwa pakopo padzakupweteketsa."

Belu la pakhomo linalira. Anali anti, abwera kudzapepesa mbali yawo ya zaka ziwiri ija, ngakhale nkhope yawo sinkaoneka yopepesa kwenikweni. Amayi anawalandira ndi mawu ozizira. Anti anakhala pansi, n'kuvula nsapato.

"Amake ana, ine nalakwa, navomera," anatero. "Koma imwe mubisa chani? Mwana uyu ankhala pa benchi yothera zaka zingati? Ng'oma zikayamba achoka panja, zikasila abwela. Muganiza mpingo ulibe menso? Tonse tiona, ndipo palibe anafa nazo."

Pamenepo achemwali anatsegula chikwama chawo, n'kutulutsa kalata ija. Ine ndinayesetsa kuoneka wodabwa. Anaiyala patebulo pafupi ndi maluwa, n'kuiwongola ndi chikhatho.

"Mawa chitenje chichoka, chifukwa ndawauza a ku ofesi kuti ndi chosendera mbatata," anatero. "Ndibwerera pakati paja, ndipo pakati paja sindingathe. Ndinakulonjezani kuti sindinena za otizimu, ndiye sindinena. Kwatsala kalata iyi. Lachisanu ndipereka. Ngati simukufuna ndipereke, mundimasule pa lonjezo lija. Njira yachitatu ndaifufuza, palibe."

Amayi anawerenga mizere inayi ija nthawi yaitali kuposa mmene mizere inayi imafunira. Kenaka anakwera kuchipinda kwawo. Tinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi, ija amasungamo mapasipoti ndi masatifiketi. Anatsika ndi envelopu yakhaki, kalata ya dokotala ili m'katimo, n'kuiika m'manja mwa achemwali.

"Usaipinde," anatero. Basi, mawu awo anali okhawo. Kenaka anandiloza ine. "Iwe bweretsa foni yako."

M'mawa mwake achemwali anabwerera ku ofesi atanyamula maluwa aja, akuti anapezeka mwachinyengo ndiye ayenera kubwezedwa. Bwana anayesa kukana, iwo anangowasiya padesiki pake. Anamuuza kuti mng'ono wawo ndi wabodza, zimene sindikutsutsa, kuti agogo ali moyo, ndiponso kuti iwo ali ndi otizimu. Kenaka anamupatsa pepala la zinthu zinayi zimene amafuna: desiki ya pakona, babu lozima, anthu azibwera chakutsogolo, ndi kusapita ku masewera a Lachisanu. Pansi pake analemba kuti zonsezi kampani yazichita kale masiku khumi ndi awiri popanda vuto lililonse.

Sizinathe tsiku limodzi. Panali mafomu, msonkhano, msonkhano wina wokambirana za msonkhano woyamba uja. Masabata amenewo achemwali anakhalanso pakati kangapo, ndipo galimoto inayambanso kuima panja chitseko osatseguka. Zogwirira ntchito kunyumba anawakaniza, mpaka lero amapita masiku onse asanu, n'kumalimbana ndi mzere wa magalimoto m'mawa ndi madzulo. Koma desiki ya pakona inalembedwa kuti ndi yawo. Kalata yosiya ntchito ija anaiika m'makina odula mapepala, ine ndikuonerera.

Bambo wanjinga uja akuti anachotsa yekha chikwangwani chake, ndipo kwa mwezi wathunthu sanawapatse moni anti. Ine a kampani anandiletsa kupondanso ku ofesiko. Foni yanga inakhala mwezi m'sutikesi muja. Chilango chomaliza chinali chakuti ndiimbire agogo, amayi ali pompo, ndiwauze ndekha zimene ndinachita.

"Ndamva kuti ndinafa," anatero agogo ndisanayambe n'komwe.

"Eya, agogo. Pepani."

"Ndinadwala nthawi yaitali?"

"Sindinanene."

"Anthu analira?"

"Anagula maluwa. Ndi khadi lalikulu, anasaina anthu ambirimbiri."

"Azungu?"

"Osiyanasiyana, agogo."

Anaseka mpaka kutsokomola, amayi n'kuyamba kuchita mantha kuti imfa ija yafikadi. Atapuma anati, "Ndiye mkulu wakoyo pokhala anapapeza?"

"Anapapeza."

"Basi, pepani wakoyo usunge, udzamugwiritsa ntchito pena. Koma uwauze amako kuti munthu wakufa analandira maluwa msangamsanga, wamoyo nsapato mpaka lero."

Amayi amanenabe kuti tsiku lina ndidzakapepese ku ofesi kuja. Ine ndimati akandilola kulowa ndidzaganizira. Achemwali sananene kuti anandikhululukira, ndipo sanganene ngati sizili choncho. Chimene ndikudziwa n'chakuti chitenje chija sichinabwerere m'dirowa. Anachichapa, anachisita, n'kubwerera nacho ku ofesi, akuti pakona paja mphepo ya makina oziziritsa imawomba kwambiri. Amafunda m'miyendo. Wantchito watsopano akafunsa tanthauzo la maambulerawo, iwo amayang'ana nsaluyo, n'kumuyankha kuti ndi maambulera.